Mmisiri wa m'kashedi ku Lancashire amene anadzutsa 8F yanga

Mu February chaka chatha ndinagula mutu wa sitima yamalasha ndi mapaundi 45. Ndikunena kachifanizo, kotalika masentimita 25 pamodzi ndi ngolo yake yonyamula malasha ndi madzi. Ndinakapeza pa chionetsero cha masitima ang'onoang'ono mu holo ya sukulu ina kufupi ndi Preston, kali m'katoni pansi pa tebulo pamodzi ndi zina zimene wogulitsa analemba kuti siziyenda. Nditakanyamula dzanja linatsika. Kanali kachitsulo kokhakokha, ndipo pomwepo ndinadziwa kuti sikochokera kufakitale ngati tapulasitiki tija, koma munthu wina anakhala pansi n'kukamanga yekha kuchokera ku tizidutswa ta m'bokosi, zimene kuno ku England amati kit.

Sitima yake ndi 8F, imene William Stanier anakonzera kampani ya njanji ya ku Britain yotchedwa LMS kuti izikoka katundu wolemera. Yoyamba inatuluka mu 1935, ndipo zonse zimene zinapangidwa zinakwana 852. Ili ndi timawilo tiwiri totsogolera, kenako mawilo 8 okoka olumikizidwa ndi mikono yachitsulo. Ndinali nditaiona yeniyeni, nambala 48431, ku njanji ya Keighley & Worth Valley, ndipo inandikumbutsa agogo anga aamuna amene anagwira ntchito ku njanji ku Limbe. Iwo ankati sitima yamalasha imapuma ngati munthu, ndipo ukaidziwa umamva pamene yatopa. N'chifukwa chake katoni ija sindinaidutse.

Kunyumba ndinakaika pa njanji, n'kutsegula magetsi. Mota inalira, mawilo anazungulira theka, n'kuima. Nditawonjezera mphamvu kanadumpha ngati chule, kenako kafungo ka kupserera. Ndinazimitsa. Lachinayi lotsatira ndinapita nako ku kalabu yathu ya masitima ang'onoang'ono, ndipo mkulu wina atakatembenuza kawiri katatu anandilembera nambala ya foni pa kapepala. Anati pali bambo wina wopuma pa ntchito amene amakonza zoterezi kuseri kwa nyumba yake, alibe chikwangwani, sapezeka pa intaneti, ndipo ndisakhale ndi phuma.

Ntchito ya bambo ameneyu ndi imene ndikufuna kukuuzani, zabwino zake ndi zimene sizinandisangalatse.

Kashedi kawo n'kothina, anthu awiri kupatukana n'kovuta. Pakhoma pali njanji yoyesera yotalika mwina mamita awiri, pa tebulo pali galasi lathyathyathya, matupa ang'onoang'ono, ndi timabotolo todzaza masikuluu. Ine ndinayamba kufotokoza za penti imene inali itasupuka komanso tizitsulo togwirira timene tinathyoka. Iwo anangomva, kenako anati, "Za penti tiyiwale kaye, mwana wanga. Tione miyendo." Anamasula masikuluu awiri, thupi linachoka, anachotsa mota, n'kuika chassis, chigawo chapansi chokhala ndi mawilo, chokha pa galasi lija. Atachikankha ndi chala chimodzi chinayenda pang'ono n'kugwira. Anachibweza, chinagwiranso pamalo omwewo. Kenako anachidina pakona, ndipo ndinaona ndi maso anga chikugwedera ngati tebulo la mwendo umodzi waufupi. Wilo limodzi silinkakhudza galasi n'komwe.

Anandifotokozera mosabisa kanthu. Pa sitima ya nthunzi ngati imeneyi, timapini togwira mikono mbali imodzi timayenera kutsogola ta mbali inayo ndi madigiri 90, ndipo ekiselo iliyonse, kachitsulo kolumikiza mawilo awiri, iyenera kufanana ndendende ndi inzake. Ekiselo yachitatu ya sitima yanga inali itaphonya pang'ono. Amene anaimanga, m'malo mokonza pamenepo, anangokuza mabowo a m'mikono kuti mawilo azungulire mokakamiza. Mabowowo anakula mpaka mikono inayamba kulendewera, ndiye pozungulira wina unkatsala wina n'kutsogola. Pa sitima ya mawilo 4 mukhoza kupulumuka nazo. Ya mawilo 8 siikhululuka. Kafungo kaja kanali ka shoti: timabuleki tachitsulo tinkakhudza mawilo, ndipo popeza thupi lonse ndi lachitsulo, magetsi ankangodutsa.

Chimene chinandikopa n'chakuti asanalandire ntchito anandiuza kuti ndalama zimene ndiwononge zikhoza kundigulira 8F yatsopano yapulasitiki m'sitolo, yoyenda bwino kuchokera m'bokosi, chenji n'kutsala. Anati ndikaganize kunyumba. Ndinayankha ndili pomwepo kuti ndikufuna yomweyi.

Ntchito ya pa chassis ndi imene ndikuwapatsa ulemu wonse. Mafuremu sanawataye. Anawamasula, kuwawongola, n'kuika timphete tatsopano tamkuwa mmene mumazungulira maekiselo. Pomata timpheteto anagwiritsa maekiselo oyezera, aatali ndi osongoka kumapeto, amene amalowa m'mabowo a mikono yatsopano. Motero mtunda wa pakati pa mawilo umatengera mikono yomwe idzawalumikize, osati kungoyeza ndi rula. Mawilo anaika a Markits, amene ekiselo yake kumapeto ndi ya makona anayi, kotero madigiri 90 aja amabwera okha, ndipo mukhoza kumasula n'kubwezeretsa kangapo osawononga kanthu. Mpata wa pakati pa mawilo, kuyeza kumbuyo kwake, anauika pa mamilimita 14.5, umene umagwirizana ndi njanji ya mamilimita 16.5 ya masitima ang'onoang'ono a saizi yotchedwa OO. Mota yakale, yotseguka ndi yodya magetsi, anaichotsa. M'malo mwake anaika bokosi la magiya la High Level lochepetsa liwiro ka 60, ndi mota ya Mashima imene anaitulutsa m'dirowa. Ma mota amenewa anasiya kupangidwa, ndipo iwo anasunga ochepa. Anandifunsa kaye ngati sitimayi ndidzaiyendetsadi kapena idzangokhala m'kabati, ndipo atamva kuti idzayenda m'pamene anatsegula dirowa.

Atandiitana kuti ndikaone chassis chili chokha, anapendeketsa galasi lija pang'ono, chopanda mota chinatsetsereka chokha mpaka kumapeto, mikono ikukwera ndi kutsika popanda pogwira. Ataika mota anachiyendetsa pang'onopang'ono moti ndinkatha kuwerenga masipoko a wilo. Tizitsulo tonse ta Walschaerts, timene timayendetsa mavavu pa sitima yeniyeni, tinkasuntha chilichonse panthawi yake. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndikungoyang'ana, ndipo iwo sanandifulumizitse.

Thupi linali ndi nkhani yakeyake. Linapangidwa ndi white metal, chitsulo chofewa chosakaniza tini, mtovu ndi zina, chimene chimasungunuka msanga kwambiri. Womanga woyamba anachiopa, ndiye anangomata zonse ndi guluu wa epoxy, wochuluka mpaka kusefukira m'makona. Penti itachotsedwa, zidutswa zambiri zinagwa zokha. Apa m'pamene zinaoneka kuti boila inali itapendekera kumanzere ndipo chumuni sichinali pakati. Anapala guluu yense, n'kumanganso ndi solder, chitsulo chomatira, yosungunuka pa madigiri 70. Anandionetsa kachitidwe kake pa zidutswa zotsala: soldering iron (chipangizo chosungunulira solder) yotheka kuichepetsa moto, malo oyera bwino, kugunda kamodzi n'kuchoka. Ukachedwa, chidutswa chimasanduka dontho. Pomata mkuwa ku white metal, amayamba apaka mkuwawo solder ya madigiri 145, kenako n'kulumikiza ndi ya 70 ija, chifukwa ya 70 payokha siigwira bwino pa mkuwa. Ubwino wina ndi woti ukalakwitsa, umangoviika m'madzi owira, zonse n'kumasuka. Anandichenjezanso kuti ndizisamba m'manja ndikagwira chitsulo chosapentachi chifukwa cha mtovu.

Zokongoletsa anaika zochepa koma zoyenera. Tizitsulo togwirira m'mbali mwa boila ndi ta waya wa mamilimita 0.45, towongoka bwino kuyambira kutsogolo mpaka ku kanyumba ka dalaivala. Pali tokolekapo nyale, timapaipi tothira mchenga pa njanji, magalasi m'mawindo, ndi anthu awiri m'kanyumba, dalaivala kumanzere monga zinalili pa masitima a Stanier. Timabuleki anaika tapulasitiki kuti shoti ija isabwerere. M'ngolo muli malasha enieni, osinja, omatidwa ndi guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi. Ndinapempha kuti kutsogolo aike kachikwangwani ka 10F, chizindikiro cha shedi yosungira masitima enieni ya Rose Grove ku Burnley, chifukwa ndimakhala chakufupi. Shedi imeneyi, pamodzi ndi Lostock Hall ndi Carnforth, ndi zimene zinatsala ndi masitima amalasha mpaka mu August 1968 pamene British Railways inawasiya, ndipo Rose Grove inali ndi ma 8F ambiri. Kachikwangwaniko n'kochepa kuposa njere ya mpunga, koma anakaika pamalo pake, osapotoka.

Tsopano zimene sizinandikomere.

Anandiuza milungu 6. Inatenga miyezi inayi ndi theka. Kuchedwa pakokha sindikanadandaula, poti ndinaona mzere wa mabokosi a anthu ena pa shelufu. Chovuta n'chakuti sayimba. Foni ukaimba imangoitana, uthenga sayankha, ndipo kawiri konse ndinachita kupita ndekha kuti ndimve pamene afika. Mtengo nawo sanalembe pa pepala poyamba, anangoti uposa mapaundi 200. Pomaliza inali mapaundi 190 ya ntchito ndi 96 ya zipangizo, ndipo anandipatsa malisiti a zonse zimene anagula. Sindikuona kuti anandidyera, koma munthu wa malipiro a pamwezi ngati ine amafuna kudziwiratu kuti akonzekere.

Chachiwiri chinandipweteka kwambiri. Ndinanena kuti ndikufuna kuti ioneke yogwira ntchito, fumbi pang'ono basi. Iwo anaidetsa monga zinkaonekera za Rose Grove m'miyezi yomaliza: utoto wakuda wasanduka wotuwa, dzimbiri kutsogolo kumene kumadutsa utsi, mizere yoyera ya madzi ikutsika pa boila, nambala ya m'mbali ikuchita kuoneka movutikira. Luso lake sindikutsutsa. Ndinayerekeza ndi zithunzi za nthawi imeneyo, ndipo n'zoona kuti zinkaoneka choncho. Anzanga a ku kalabu anayamikira kwambiri. Koma si zimene ndinapempha, ndipo utoto woterewu ukapopedwa kuuchotsa n'kuyambiranso. Nditawauza anakhala chete pang'ono, kenako anati kachikwangwani ka 10F kanawatenga mtima, chifukwa ali mnyamata ankaima pa mlatho kumaziona zikutuluka m'shedimo zili choncho. Ndinawamvetsa, koma akanandiimbira kaye. Anapukuta pang'ono pa nambala ndi pa mawindo kuti zioneke, ndipo pamenepo tinagwirizana.

Panalinso vuto limodzi limene linatulukira kunyumba. Pa njanji yawo yowongoka sitima inkayenda bwino, koma pa yanga, ikafika pokhota, inkaima n'kuthetheka. Timawilo takutsogolo tinkakhudza masilinda. Makona anga ndi othina, a masentimita 60 kuyeza kuchokera pakati pa bwalo la kona kufika pa njanji, pamene masitima omanga pamanja oterewa amakonda a masentimita 90 kapena kuposa. Iwo sanandifunse za makona, nanenso sindinadziwe kuti n'zofunika kunena. Nditabwerera nayo sanatsutse chilichonse. Anapala mkati mwa masilinda ndi tupa, kupaka ka epoxy kopyapyala kuti chitsulo chisakhudzane ndi wilo, n'kuwonjezera tiwaya totenga magetsi pa mawilo a ngolo. Anachita ndili pomwepo, ola limodzi ndi theka, ndipo anakana ndalama. Mayi a kunyumbako anandibweretsera tiyi m'kashedi momwemo.

Ngati muli ndi sitima yomanga pamanja imene inaima, kaya munaigula pa chionetsero kaya anakusiyirani wachibale, munthu ngati ameneyu ndi woyenera kumufuna, ndipo mungamupeze pofunsa ku kalabu ya kwanuko. Pitani nokha, musatumize pa positi, chifukwa white metal imapindika bokosi likagwa, komanso zimene mungaphunzire mutaima pambali pawo n'zambiri. Yezani makona a njanji yanu musanapite. Nenani ngati mumayendetsa ndi magetsi wamba a mavoti 12 kapena ndi DCC (njira ya digito yolamulira sitima iliyonse payokha), chifukwa kalumikizidwe ka mawaya kamasiyana. Za utoto musangofotokoza pakamwa, tengani chithunzi cha mmene mukufunira, muwasiyire. Ndipo pemphani kuti mtengo aulembe, ngakhale kuseri kwa envelopu.

Pano 8F yanga yatha miyezi 7 ikuyenda. Ku kalabu, pa njanji yaikulu, inakoka mabogi amalasha 34 osaterereka, ndipo imanyamuka mwakachetechete, bogi lililonse likukokedwa lina pambuyo pa linzake. Oyilo ndimaika kadontho ndi nsonga ya singano pa timapini ndi pa timphete, monga anandiuzira, ndipo mawilo ndimawapukuta ndi kathonje mwezi uliwonse. Mwezi watha ndinapezanso ina pa chionetsero, yaing'ono ya mawilo 6, ilibe chumuni ndipo mkono umodzi unapindika. Ili pa shelufu m'kashedi muja, ndi yachisanu pa mzere. Ulendo uno chithunzi ndinachimata pa bokosi ndi selotepi, ndipo tagwirizana kuti chassis ndidzamanga ndekha pa tebulo lawo Loweruka lililonse, iwo akuyang'ana.