ILOSTAT ndi yothandiza poyerekezera malipiro, koma imasakaniza wofufuza ndi loya

Mphwanga amene amagwira ntchito m'labotale ina kuno ku Lusaka atayamba kuganiza zokafuna ntchito kunja, anandipempha kuti tione limodzi ngati anzake a ku South Africa, Germany ndi South Korea amalandiradi zambiri monga anthu amanenera. Tinagwiritsa ntchito ILOSTAT, nkhokwe ya ziwerengero ya pa intaneti ya bungwe loona za antchito padziko lonse la ILO, lomwe linakhazikitsidwa mu 1919 ndipo lili ndi ofesi muno mu Lusaka yoyang'anira Zambia, Malawi ndi Mozambique.

Salipiritsa kalikonse, ngakhale kuti matebulo ake amaoneka bwino pakompyuta kusiyana ndi pafoni. Chimene chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti malipiro a pamwezi amaonetsedwa mu ndalama ya dziko lenilenilo, mu madola a ku America, komanso mu madola a PPP, omwe amawerengedwa poganizira mitengo ya zinthu m'dziko lililonse. Njira yachitatuyi ndiyo yofunika, chifukwa amene amangosintha ndalama za ku Germany kukhala makwacha amadzinamiza yekha. Lendi ya ku Munich si ya ku Kabwata.

Vuto lagona pa kagawidwe ka ntchito. Tebulo la malipiro limatsatira magulu akuluakulu a ndondomeko ya ISIC, yogawa mitundu ya ntchito m'magulu padziko lonse, ndipo ntchito yofufuza za sayansi, yomwe nambala yake ndi 72, ili m'gulu M pamodzi ndi maloya, akauntanti, ojambula mapulani a nyumba, otsatsa malonda ngakhalenso madokotala a ziweto. Choncho chiwerengero chimene munthu amaona si cha wasayansi wa ku bungwe la kafukufuku wa sayansi la NISIR kapena wa ku malo ofufuzira za ulimi a Mount Makulu yekha, koma cha khamu lonselo. Gulu C, la mafakitale, ndilo losokoneza koposa. Makampani opanga mankhwala, ndege ndi zipangizo za kompyuta, amene bungwe la zachuma la OECD, la maiko ambiri olemera, limawaika pakati pa owononga ndalama zochuluka pa kafukufuku, ali m'thumba limodzi ndi ogaya ufa ndi opanga sopo. Kuyerekezera gulu limeneli ku South Korea, kwawo kwa Samsung, ndi la kuno, komwe mafakitale ambiri ndi a zakudya ndi zakumwa, n'kuyerekezera zinthu zosafanana.

Wowerenga akumbukirenso kuti ziwerengerozo ndi za malipiro asanadulidwe msonkho, pamene kuno wantchito amadulidwa msonkho wa PAYE, 5 peresenti ya penshoni ya NAPSA ndi 1 peresenti ya inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA. Ayang'anenso chaka, poti maiko sapereka ziwerengero nthawi imodzi, ndipo kwacha inagwa kwambiri mu 2015 ndi mu 2020.

Kwa wophunzira kapena wa bungwe la antchito amene akufuna chithunzi cha dziko lonse, ILOSTAT ndikuivomereza. Mphwanga yekha anafunikabe kulembera anzake ali kunjako kuti amuuze zimene zimatsala m'thumba akalipira msonkho ndi lendi.