Chopatsira moto cha zitsulo kapena cha kompyuta: n'chiti chimamvera dzanja?

Woyendetsa ndege yankhondo akakankha chopatsira moto mwadzidzidzi, injini imatha kutsamwa. Mafuta amalowa ambiri mpweya usanakwanire, mkati mumamveka kuphulika, ndipo nthawi zina moto umazimiratu. Apa ndi pamene njira ziwiri zolumikizira chopatsira moto ndi injini zimasiyanira.

Yakale ndi ya zingwe ndi zitsulo. Dzanja likasuntha, chingwe chimakoka kachipangizo koyeza mafuta, basi. Ndi yodalirika ndipo siidalira kwambiri magetsi, koma imafuna munthu wa maso pa geji ya kutentha komanso wa dzanja lofatsa, makamaka kumwamba kwenikweni kumene mpweya ndi wochepa.

Pa njira ya kompyuta, imene amaitcha FADEC, chopatsira moto chimangotumiza pempho pa waya. Kompyuta ndi imene imaona liwiro la injini, kutentha ndi mphamvu ya mpweya, n'kusankha mafuta oti alowe. Ndege yonyamula anthu ya Concorde, yomwe inauluka koyamba mu 1969, inali kale ndi zamagetsi zowongolera injini, ngakhale sizinali za dijito. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, NASA, bungwe la ku America lofufuza za ndege ndi zakuthambo, linayesa za dijito pa ndege yankhondo ya F-15 ya injini za F100 ku Edwards, California. Oyesa ndege ankakankha chopatsira motocho kamodzin'kamodzi kuchoka pansi mpaka kumapeto, kumachita kuiputa dala injiniyo. Kutsamwa kunachepa, ndipo kuiyatsanso m'mwamba ikazima kunaphweka.

Mpaka pano FADEC yapambana. Koma ine chimene ndimafunsa poyamba ndi kuchedwa. Kompyuta ikamaganiza kaye, pamakhala kampata pakati pa dzanja ndi injini. NASA inafufuzanso zimenezi pa ndege ya TF-104G, pochedwetsa dala yankho la injini. Poulukira limodzi ndi ndege ina, mapiko atayandikana, kampata kosakwana n'komwe sekondi kamasokoneza: woyendetsa amawonjezera moto, osamva kanthu, awonjezeranso, kenaka mphamvu n'kubwera yonse pamodzi, iye n'kubweza mopitirira. Ndege imangokhalira kutsogola ndi kutsalira. Munthu amazolowera injini yaulesi bola iyambe kuyankha nthawi yomweyo. Yokhala chete kaye ndiyo yovuta.

Vuto lina ndi lakuti FADEC ikakana, palibe chingwe choti ukoke. N'chifukwa chake imakhala ndi mbali ziwiri, ina ikafa ina n'kupitiriza. Komabe mbali zonse zikadyetsedwa manambala olakwika, zonse zimalakwitsa. Pa 9 Meyi 2015, ndege yonyamula asilikali ndi katundu ya Airbus A400M inagwa ku Seville, ku Spain, pa ulendo woiyesa, injini zitatu mwa zinayi zitasiya kumvera chifukwa cha vuto la pulogalamu ya kompyuta. Anthu anayi anafa.

Pa ndege yothamanga kwambiri ndingasankhebe FADEC, poti palibe dzanja lingateteze injini mwachangu chotero. Koma ndisanaivomereze ndingafune kuona kaye kuti inayankha bwanji poulukira pafupi ndi inzake, ndiponso woyendetsa atasintha maganizo potera n'kufuna mphamvu yonse kuti akwerenso.