Vinyo Wofiira ndi Nyama ya Mbuzi pa Nchalo

Malo ena odyera pa Nchalo, kufupi ndi msewu wa M1, amaotcha nyama ya mbuzi mwaluso, koma kasungidwe kawo ka vinyo wofiira sikagwirizana ndi nyengo ya Okutobala, pamene kutentha m'Chigwa cha Shire kumapitirira madigiri 40. Tinadya mgonero kumeneko monga gulu la ogwira ntchito limodzi, ndipo tinapangana kuti aliyense azinena zomwe wamva m'kamwa mwake popanda kutengera za mnzake.

Mabotolo onse anali a ku South Africa. Loyamba, la vinyo wa mphesa za mtundu wa Cabernet Sauvignon, linali lodula kuposa enawo, ndipo analitenga pashelefu pomwe linaswera pansi pa denga la malata, moti linali lofunda ngakhale poligwira. Vinyo wofiira amakoma akakhala pa madigiri 16 mpaka 18, koma akafunda, ukali wa mowa, womwe pabotololi unalembedwa kuti ndi 14 peresenti, umathamangira kumphuno n'kuphimba fungo lonse la mphesa. Mayi wina amene amachita za akaunti anati lilime lawo lachita khambi ngati adya nthochi yosapsa, ndipo palibe anawatsutsa. Khambilo limachokera ku makoko ndi njere za mphesa, ndipo nyama yonona imalifewetsa, koma usiku umenewo ngakhale nthiti za mbuzi zinalephera.

Botolo lachiwiri linali la Pinotage, mphesa yomwe katswiri wa ulimi wa mphesa, Abraham Perold, anaipeza ku Stellenbosch m'dziko la South Africa mu 1925 pokwatitsa mitundu iwiri ya mphesa, Pinot Noir ndi Cinsaut. Wamkulu wa gulu lathu anaitana woperekera zakudya nati, "Achimwene, tatiikirani ili m'ndowa ya madzi oundana kaye." Mnyamatayo anadabwa, poti anaphunzitsidwa kuti vinyo wofiira sazizitsa, komabe anachita mwaulemu zomwe anapemphedwa. Patapita mphindi pafupifupi 20, kusiyana kwake kunali koonekeratu. Ena anamva jambula wakupsa, ena fungo la utsi lomwe linagwirizana bwino ndi nyama yootcha pa makala, ndipo bambo wina amene sakonda vinyo anapempha kuti amuonjezere. Kwa ine, ili ndilo botolo loyenera ndalama zake, ngakhale kuti matambula anali aang'ono komanso ankadzazidwa mpaka kukamwa, zomwe sizipereka mpata wopukusa vinyo kuti fungo lituluke.

Tinamaliza ndi vinyo wotsekemera, ndipo za iye zonena n'zochepa: shuga anachuluka, ndipo anawonjezera ludzu.

Amene anaitanitsa mlamba wouma wa ku Elephant Marsh anadandaula kuti vinyo wofiira anasiya kakomedwe ka chitsulo m'kamwa, choncho nsombayo ndi bwino kuidya ndi chakumwa china. Popeza mbuzi imatenga nthawi kuti ipse, pemphani kuti botolo lilowe m'firiji nthawi yomweyo imene mukuitanitsa chakudya, chifukwa eni malowo sachita zimenezi pokhapokha atauzidwa.