Kupeza ng'ombe zofanana: kusamutsa nyukiliyasi kapena kudula mluza?

Mlimi wa ku Salima amene ali ndi ng'ombe yokama bwino angalakelake ina yofanana nayo ndendende. Njira zilipo ziwiri, koma zipatso zake n'zosiyana.

Yoyamba ndi imene inabala nkhosa Dolly ku Roslin Institute, Scotland, mu 1996. Amatenga selo la nyama yaikulu, monga la pakhutu. Ndi kachubu kagalasi amayamwa n'kuchotsa nyukiliyasi (kachigawo kosunga majini, malangizo a chibadwa) ya dzira losakumana ndi umuna, n'kulumikiza selo lija ndi dziralo pogunditsa magetsi pang'ono. Mluza wa ng'ombe umakulira mu labotale masiku 7 asanauike mwa ng'ombe ina. Mwana wobadwayo amafanana ndi nyama imene anatengako selo. Njirayi imakanika kawirikawiri: pa mazira 277, anabadwa Dolly yekha. Dzira silifafaniza bwinobwino ntchito imene selo linazolowera, ndiye nsengwa imakula molakwika, bere limachoka, kapena mwana amabadwa wamkulu mopyola, wopuma movutika.

Yachiwiri njosavuta. Mluza wa masiku 6 kapena 7 amaudula pakati ndi kampeni pansi pa maikulosikopu, mpeniwo udutse pa kamulu ka maselo ka m'kati, apo ayi theka lina silikula. Theka lililonse amaliika mwa ng'ombe yolandira. Amapasa obadwawo amafanana okhaokha, osati ndi mayi wawo, poti theka la majini ndi la nkhunzi.

Njira iliyonse, ng'ombe yolandira ifunika mthunzi ndi madzi okwanira. Kutentha kwa kunyanja kuno kumapha mluza ukadali wanthete.