The Haunting ya 1963 ndi ya 1999: iti imene imachititsadi nthumanzi?

Mafilimu awiriwa ali ndi dzina limodzi, ndipo onse anachokera m'buku la Shirley Jackson lotchedwa The Haunting of Hill House, lomwe linatuluka mu 1959, lokamba za anthu opita kukakhala m'nyumba yomwe amati muli mizukwa. Komabe amene amakonda mantha olowa m'thupi pang'onopang'ono sangawaike pa mlingo umodzi.

Ya 1963, imene anakonza Robert Wise, ndi ya zithunzi zakuda ndi zoyera, ndipo kuyambira poyamba mpaka pamapeto simuonamo mzukwa ngakhale umodzi. Chimene chilipo ndi phokoso: kugunda kwamphamvu komwe kumachokera patali m'nyumbamo, kuyandikira pakhomo pa chipinda chomwe muli Eleanor ndi Theo, amayi awiri omwe abwera kudzakhala m'nyumbayi, kenako n'kungoti zii. Pena chitseko chachikulu chamatabwa chimafufuma ngati chikupuma. Koma pamene ine tsitsi limandiimirira ndi pomwe Eleanor ali mu mdima, akumva mwana akulira kuseri kwa khoma, atagwirana dzanja ndi munthu yemwe akumuyesa Theo, mpaka kudandaula kuti akumufinya kwambiri. Nyale itayaka, apeza kuti Theo ali patali, mbali ina ya chipinda. Filimuyo siikuuzani kuti dzanjalo linali la yani, ndipo popeza timamvanso maganizo a Eleanor, amene Julie Harris anamusewera ngati munthu wosweka mtima kale, woonera amatsala akukayika ngati vuto lili m'nyumbamo kapena m'mutu mwa mayiyo.

Ya 1999 anakonza ndi Jan de Bont, yemwe anatchuka ndi filimu ya Speed, ndipo muli Lili Taylor, Liam Neeson ndi Catherine Zeta-Jones. Kunena chilungamo, nyumba yake ndi yokongola modabwitsa, moti m'mphindi zoyambirira maso amakhuta. Vuto limayamba pamene kompyuta yapatsidwa ntchito yonse: ziboliboli za nkhope za ana zimatembenuka, mzukwa wa Hugh Crain, yemwe anamanga nyumbayo, umaonekera poyera, ndipo chinsinsi cha nyumbayo amachifotokoza chonse osasiyako kanthu. Chinthu ukachiona bwinobwino, n'kudziwa kukula kwake ndi pomwe chaima, mantha amachepa, chifukwa umayamba kuweruza luso la ojambula m'malo moopa.

Ngati mukuonera pagulu, anthu akucheza ndi kuseka, ya 1999 ndiyo ingakuyenereni, pakuti ngakhale mutaphonya mphindi zingapo simutaya zambiri. Ya 1963 siilola zimenezo. Imayenda mwachifatse, makamaka koyambirira komwe kuli zokambirana zambiri, ndipo ena amaisiya isanafike pokoma. Imafuna kuti muzimitse magetsi, mukhale nokha kapena awiri, ndiponso muvale mahedifoni, chifukwa pa sipika ya foni kugunda kuja kumangomveka ngati wina akugogoda tebulo.