45,000 Volts ya Ngozi Family: chimbale chaphokoso chimene sindikutopa nacho

Amene munamva Chinyanja pakati pa nyimbo ya Noid ya woimba wa ku America Tyler, the Creator mu 2024 n'kudabwa, mawu aja anachokera mu Nizakupanga Ngozi, nyimbo ya gulu la Ngozi Family la ku Zambia. Ili mu chimbale cha 45,000 Volts cha mu 1977, chimene kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles inachitulutsanso. Ndicho ndikumvera masiku ano kuno ku Mchinji, ndipo ndikufuna nanunso muchisake.

Ndikuuziranitu: si nyimbo zosalala. Gitala ya Paul Ngozi, mtsogoleri wa gululi, imadutsa mu kachipangizo kotchedwa fuzz, kamene kamaphwanya kaliridwe ka nsambo dala, moti ikangoyamba imachita ngati chigayo cha dizilo chimene angochiliza kumene. Ng'oma za Chrissy Zebby Tembo n'zouma, gu gu gu, popanda zokometsera, pamene besi ya Tommy Mwale imangoyenda pansipansi. Kunja nyimbo zotere amazitcha garage kapena punk, ku Zambia amati Zamrock. Mlamu wanga atamva koyamba anandifunsa kuti, "Alamu, sipikayi yang'ambika kodi?" Sinang'ambike. Ndi mmene anthuwa ankafunira kuti zimveke.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi Nizakupanga Ngozi yomweyo. Munthu akuchenjeza mlendo kuti pobwera pakhomo pake azibwera ndi ulemu, miseche ayi. Nkhani ya tsiku ndi tsiku, yoti mungaimve pamjigo kapena kumsika wa ku Kamwendo, koma yakwera pa gitala yolusa. Paul saimba monyengerera, amachita kukalipa, mawu akutuluka mokakala, ndipo ukumva liwu lililonse popanda wokumasulira. Ife a m'malire, amene Chipata tili nayo pafupi kuposa Lilongwe, Chinyanja chimenechi ndi cha achibale athu a kutsidya kwa Mwami. N'chifukwa chake zimandiwawa kuti achinyamata ambiri kuno anayamba kumumva munthuyu kudzera kwa woimba wa ku America.

Gululi linatulukira nthawi imene boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti nyimbo zambiri pa wailesi zikhale za m'dziko momwemo. Magulu ngati WITCH ndi Amanaz anapeza mpata, Ngozi Family nayo inatulutsa Day of Judgement mu 1976. Koma mtengo wa kopa unagwa, ndalama zinasowa m'matumba mwa anthu, disco inalanda malo ovinira, ndipo Edzi inadzatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo. Paul Ngozi anamwalira mu 1989.

Zofooka zilipo. Nyimbo zina za Chingerezi, makamaka zachikondi, sizindifika pamtima ngati za Chinyanja; mawu ake ndi ochepa ndipo amangobwerezabwereza, ngakhale Hold On ndimaikonda chifukwa cha mmene gitala imakwerera chakumapeto. Kajambulidwe nako n'kakale. Pena mawu a woimba amamira, pena ng'oma zimamveka patali. Ozolowera amapiano, amene chilichonse chimamveka mbee, adzafunika kupirira nyimbo ziwiri zoyamba khutu lisanazolowere.

Musamvere pa sipika ya foni. Ndinayesa, besi yonse inasowa, panangotsala kulira kwa gitala kobaya m'makutu. Lumikizani ku sabuufa, ngakhale yaing'ono ya sola ija, kapena valani mahedifoni abwino, ndipo mukweze ndithu. Chimbalechi chikupezeka pa YouTube ndi pa Spotify, bando yochepa ikukwanira. Anyamata oika nyimbo m'mamemori pa boma pano ambiri alibe, koma mukawatchulira dzina amakusakirani. Ngati kunyumba kuli bambo kapena amalume amene ankatchera wailesi ya Zambia zaka za m'ma 1970, aitaneni mumvere limodzi, muyambire pa Nizakupanga Ngozi.