Turbo yaikulu pa Hilux 2.5 D-4D: zomwe ndaona pa miyezi 8

Hilux yanga ndi ya 2.5 D-4D, ya injini ya 2KD ija yomwe imachoka ku fakitale ndi mphamvu ya 75 kW. Ndi galimoto yolimba, koma amene anakwerapo nayo Khwekhwerere itasenza katundu akudziwa mmene imapumira wefuwefu. Ine ndimatsika ndi kachewere kuchokera ku Dedza kupita ku Monkey Bay, pobwerera ndimanyamula mpunga kapena usipa. Kale ndikangodutsa pa Golomoti n'kuyamba phiri, inali giya 2 mpaka pamwamba, mtima uli m'mwamba.

Turbo yakale, chipangizo chozungulira ndi mphamvu ya utsi chomwe chimakankhira mpweya mu injini, itatopa, inayamba kulira ngati likhweru n'kumalavula oyilo m'paipi ya mpweya. M'malo mogula yofanana nayo, ndinaitanitsa kuchokera ku Johannesburg ija amakaniko amati hybrid. Kunja imaoneka ngati yakale ndipo inakhala pamabawuti omwewo osaboola paliponse, koma kagudumu ka mkati kokankha mpweya n'kokulirapo. Nditaitsegula m'katoni ndinakazungulitsa ndi chala: kanayenda myaa, osagwedera ngakhale pang'ono. Magasiketi analimo, koma paipi yobweretsa oyilo munalibe. Ndinagula yatsopano padera, chifukwa yakale inali itatsekeka theka ndi mwaye wouma gwa, ndipo kagudumu kozungulira kopitirira ka 100,000 pa mphindi sikangakhale ndi moyo oyilo akamafika modontha.

Sabata yoyamba ndinakhumudwa kwambiri. Galimoto sinasinthe kwenikweni, mwinanso ponyamuka inkachita ulesi kuposa kale. Apa m'pamene ogulitsa anandilakwira, chifukwa sanandiuze kuti turbo payokha siibweretsa mphamvu. Iyo imangothira mpweya wambiri mu injini, koma wolamula dizilo ndi kompyuta ya galimoto, ndipo iyo inali ikuyezabe mafuta ngati kale. Makaniko wanga, bambo wachikulire wodekha, anangoti, “Achimwene, mwagula mvukuto waukulu koma makala ndi omwe aja.”

Ndiye kunabwera ndalama zomwe sindinaziwerengere. Tinakonzetsa kompyuta kuti mafuta azigwirizana ndi mpweya. Tinaika intercooler, choziziritsira mpweya usanalowe mu injini, chifukwa mpweya ukapanikizidwa umatentha, ndipo wotentha ndi wopepuka, mu silinda umalowa wochepa. Ndinaikanso geji yoonetsa kutentha kwa utsi, ndipo mwa zonse zimene ndinagula imeneyi ndiyo sindingalole kuyenda popanda. Makaniko anandilangiza kuti singano isamakhalitse pamwamba pa madigiri 700. Ikayandikira pamenepo pachitunda, ndimachotsako phazi kapena kutsitsa giya, chifukwa kutentha kumeneko n'kumene kumang'alula mapisitoni.

Zonsezi zitachitika, galimoto inasandulika. Khwekhwerere yemwe uja tsopano ndimakwera pa giya 3 malo ambiri, ndi matumba omwe aja, kupatula m'makona akuthwa momwe munthu wanzeru sathamanga. Kupitirira thiraki pa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza sikukhalanso kopemphera. Injini ikafika cha m'ma 2,000 pa geji ya kazunguliridwe ka injini, mumamva kamluzu pang'ono kenako msana wanu n'kukanikizika kumpando. Utsi wakuda palibe, ndipo zimenezi zimandisangalatsa, chifukwa utsi wakuda ndi dizilo amene mwalipira koma sanapse.

Zovuta zilipo ndithu. Pansi pa 2,000 imachedwa kudzuka, chifukwa kagudumu kakakulu kamafuna utsi wambiri kuti kayambe kuthamanga. Mumzere wa magalimoto m'tauni, kapena ponyamuka pamtunda muli ndi katundu, zimamveka. Kalatchi yanga, yomwe inali itayenda kale mtunda wautali, inayamba kuterereka patangotha mwezi: kuponda mafuta pa giya 4, injini n'kukuwa koma liwiro osaonjezereka. Ndinaika yolimba, ndipo phazi lamanzere limatopa nayo. Dizilo sanasinthe kwenikweni ndikamayenda mwaulemu, koma ndikatengeka n'kumaponda, tanki imatsika mooneka.

Turboyo payokha ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Imodzi ndachotsa chifukwa cha paipi ya oyilo ija ndi kusandichenjeza za zina zofunika. Ngati mumakoka katundu m'mapiri ndipo injini yanu ili bwino, ma injector opopera dizilo mu silinda ndi abwino, siidya oyilo, iguleni, koma musaitanitse musanasunge ndalama za kompyuta, intercooler, geji ndi kalatchi. Ngati galimoto yanu ndi yopitira kuntchito m'tauni, bwezerani turbo ya saizi yakale, mudzakondwa nayo kuposa iyi.

Oyilo tsopano ndimasintha pa makilomita 5,000 alionse, limodzi ndi fyuluta. Ndikafika pamwamba pa Masasa ndimaimika galimoto pambali, n'kuisiya ikulira mphindi ziwiri kuti turbo izizire ndisanazimitse. Sabata yatha tinatsegula paipi ya mpweya kuti tione, ndipo munali mouma.